Nkhuku zikupuma wefuwefu masana: ndi kutentha kapena chitopa chafika?

Lachiwiri

Amayi a Wongani, Chibavi: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndithandizeni abale. Ndili ndi nkhuku za mabroila 50, zili pa sabata yachisanu. Kuyambira dzulo masana zikungokhala pansi kukamwa kuli yasa, zikupuma wefuwefu, mapiko zitatambasula. Chakudya sizikuchiyang'ana n'komwe. Lero cha m'ma 2 koloko imodzi yafa, yonenepa kuposa zonse. Kodi ndi chitopa? Mpamba wa nkhukuzi ndinakongola ku banki m'khonde, mtima wanga uli m'mwamba.

Gift, Zolozolo: Pepani mayi. Okutobala ndi nyengo yake ya chitopa. Thamangani mukagule makapisozi ofiira ndi akuda aja, muwatsegule muthire m'madzi akumwa. Ine ndimatero zikangoyamba kufooka.

Bambo Kaunda, Katoto: Amayi, musanagule kanthu tandiyankhani kaye. M'mawa kukamacha zimadzuka bwanji? Usiku zikumapumabe chotsegula kukamwa? Chitosi chake ndi chotani? Katemera munapereka? Ndipo khola lanu denga lake ndi la chiyani, m'mbali muli chiyani, ndi lalikulu bwanji?

Amayi a Wongani, Chibavi: Zikomo bambo. M'mawa zimadzuka bwinobwino, mpaka kupondana pachodyera. Zimayamba cha m'ma 11 mpaka dzuwa litapendeka. Usiku ndinakaziwalitsa ndi tochi, zinali phee, milomo yotseka. Chitosi ndi chamadzimadzi koma chobiriwira ayi. Katemera wa chitopa ndi wa Gumboro ndinapereka. Khola ndi la malata, lalifupi, polowa ndimawerama. Ndi mamita awiri uku, awiri uku. M'mbali muli waya koma tinatchinga ndi pulasitiki wakuda ndi masaka nthawi yozizira ija.

Bambo Kaunda, Katoto: Pitani panopa mukachotse pulasitikiyo ndi masakawo mbali zonse, mukabwere tidzapitirize. Musadikire mawa.

NyaGondwe, Chiputula: Mwanangu mverani bambo Kaunda, agwira ntchito ya ulangizi wa ziweto mpaka kupuma. Nkhuku ya chitopa siidzuka ndi njala m'mawa.

Amayi a Wongani, Chibavi: Ndachotsa. Pomatula pulasitiki mpweya womwe unatuluka unandiwomba kumaso wotentha, wonunkha mpaka maso kuyabwa. Wongani wawonjezera madzi.

Bambo Kaunda, Katoto: Mwachita bwino. Tsono ndifotokoze, chifukwa funso ili limabwera chaka chilichonse. Nkhuku ilibe thukuta. Ife tikatenthedwa khungu limatulutsa thukuta, likamauma thupi limazizira. Khungu la nkhuku silitero, pamwamba pake pali nthenga, komanso thupi lake mwachibadwa ndi lotentha kuposa lathu. Lathu ndi madigiri 37, lake ndi 41 kapena kuposera pang'ono. Malo omwe nkhuku yaikulu imasangalala nawo ndi a madigiri 18 mpaka 24. Kukayamba kutentha imatalikitsa mapiko ndi thupi kuti mphepo idutse m'khwapa momwe nthenga ndi zochepa, magazi amathamangira ku lipombo ndi kumiyendo, imagona pamimba pa dothi lozizira. Izi zikakanika, kutentha kukamayandikira 30, imatsegula kukamwa n'kumapuma mofulumira kuti chinyezi cha pakhosi ndi m'njira ya mpweya chiziuma, chikamauma chimatenga kutentha kwa m'thupi. Nkhuku yomwe ili bwino imapuma ka 20 kapena 30 pa mphindi imodzi, ya wefuwefu imatha kupitirira 200. Ndiye wefuwefuyo payekha si matenda, nkhukuyo ikudzipulumutsa. Choopsa n'chakuti njira imeneyi ndi yomaliza. Imataya madzi ambiri, minofu yopumira nayonso imatulutsa kutentha kwina, ndipo ikapitirira maola ambiri mtima umalephera. Zoyamba kufa ndi zonenepa, monga mwaonera.

Tiyamike, Mchengautuwa: Nanga tingasiyanitse bwanji ndi chitopa bambo? Nachonso nkhuku imayasama.

Bambo Kaunda, Katoto: Asisi, yang'anani nthawi. Wefuwefu wa kutentha amatsata dzuwa, amayamba likakwera, amatha likalowa, ndipo amagwira khola lonse pamodzi. Chitopa sichiona koloko. Nkhuku imawodzera m'mawa ndi usiku womwe, imavala jekete, nthenga nyankhalala, chitosi chobiriwira, kumutu nthawi zina kumatupa, popuma mumamveka phokoso pakhosi, zina khosi limapotoka n'kumazungulira pamalo amodzi, ndipo zimafa motsatizana tsiku ndi tsiku. Palinso chimfine cha nkhuku, chomwe mumaona mamina, kuyetsemula ndi maso a thovu. Palinso nyongolotsi za pakhosi zomwe zimagwira kwambiri anapiye oyenda panja, iwo amatambasula khosi, kuyasama kamodzikamodzi n'kupukusa mutu. Zonsezi sizileka dzuwa likalowa. Mukakayika, tengani nkhuku imodzi muiike pamthunzi podutsa mphepo, madzi pafupi. Ikatseka kukamwa pasanathe ola, ndi kutentha.

Gift, Zolozolo: Koma bambo ine chaka chatha zanga zinachita chimodzimodzi, ndinathira makapisozi, madzulo zinadzuka. Ndiye tinene kuti sanagwire ntchito?

Bambo Kaunda, Katoto: Achimwene, zinadzuka madzulo chifukwa kunazizira, ndipo pothira makapisoziwo munazipatsanso madzi atsopano. Madziwo ndi omwe anathandiza. Chikanakhala chitopa sizikanadzuka, chifukwa chitopa ndi vayirasi, makapisozi sachiza, chimangopewedwa ndi katemera. Komanso amenewo ndi mankhwala a anthu. Amatsalira m'nyama ndi m'mazira, ana akudya, ndipo tizilombo timawazolowera, tsiku lodzadwala munthu mankhwalawo osagwiranso. Nkhuku za amayiwa zatsala pang'ono kupita pamsika. Chonde tisamatero.

Gift, Zolozolo: Ndamva bambo.

Bambo Mhone, Luwinga: Ndalowa mochedwa, ndinali kokagula madeya. Ine ndikufuna ndinene za khola, chifukwa apa ndi pomwe a Mzuzu timagwera. Kuno timamanga khola tikuganiza za Juni ndi Julayi, za nkhungu ndi mvula yowaza ija yosatha. Timalipanga lalifupi, timatseka paliponse, pulasitiki mbali zonse, kuti anapiye asafe ndi chisanu. Zoona, nthawi imeneyo zimathandiza. Koma Seputembala akatha palibe amakumbukira kumatula. Timangoti Mzuzu ndi kozizira, kutentha ndi kwa a ku Karonga ndi ku Nkhata Bay. Panja mwina n'zoona kuti sitifika pa iwowo, koma nkhuku siikhala panja, ili pansi pa lata. Lata lalifupi masana a Okutobala ndi chiwaya. Ine ndinapachika choyezera kutentha m'khola langa lakale, pa msinkhu wa nkhuku, chinkafika 36 pomwe pakhonde pamakhalika bwinobwino. Ndipo nkhuku zokhazo ndi moto. Mabroila 50 a masabata asanu m'kachipinda kotseka akudziwotcha okha.

Amayi a Wongani, Chibavi: Bambo Mhone mwanena ngati mwaliona. Koma vuto nyumba ndi ya lendi. Denga sindingakweze, a landilodi anangondilola kakhola komwe kanalipo kale.

Bambo Mhone, Luwinga: Simukufunika kugumula mayi. Yalani udzu pamwamba pa malata, wochindikala ndithu, mutsindire ndi mitengo kapena njerwa kuti mphepo isaulutse. Udzu ukasowa, masamba ouma a nthochi aliponso, kwanu ku Chibavi sangasowe. Ena amapaka laimu pamwamba pa lata kuti liyere, dzuwa limabwerera. Mbali yomwe dzuwa la masana limalowera, kumadzulo, imikani mphasa kapena tsekera, koma motalikirana ndi waya ngati phazi limodzi kapena awiri, kuti itchinge dzuwa koma mphepo izidutsa. Mukaigunditsa ku waya mwabwezeretsa pulasitiki uja. Amene mukufuna kumanga latsopano, utali wa khola uloze kum'mawa ndi kumadzulo, kuti dzuwa lizidutsa pamwamba pa denga osalowera m'mbali. Khoma la njerwa lingofika m'mawondo, kwinako waya, denga lalitali lotuluka kunja. Pulasitiki akhale wopinda ndi kutsitsa ngati katani, osati wokhomerera ndi misomali.

Bambo Kaunda, Katoto: Ndiwonjezere pa kuchuluka. Mamita awiri kwa awiri ndi masikweya mita 4. Nkhuku 50 ndiye kuti zoposa 12 pa sikweya mita imodzi. Nyengo ino mabroila aakulu asapitirire 8, mukapanikizika 10. Zikathithikana chonchi iliyonse ikupuma mpweya wotentha wa inzake, ndipo yomwe ili pakona siingathe kudutsa kukafika pamadzi.

Amayi a Wongani, Chibavi: Kuseri kuli mtengo wa mapeyala, pali mthunzi tsiku lonse. Ndingatchinge ndi waya wotsala ndiziikapo zina masana?

Bambo Kaunda, Katoto: Eya, koma muzisamutsa m'mawa kusanatenthe, osazithamangitsa. Broila yotenthedwa mukaithamangitsa imafera m'manja. Pamwamba pakhale chotchinga chifukwa cha akabawi.

NyaGondwe, Chiputula: Ine zanga ndi zachikuda, zimadziwa zokha kopita. Masana simungazione pabwalo, zili pansi pa nthochi, zakumba timaenje m'dothi zagonamo. Ndimangothirapo madzi a ndowa imodzi m'mawa pansi pa nthochipo kuti dothi likhale lozizira. Koma za usiku ndi zomwe ndikufuna ndifunse. Inu mukuti tsegulani tsegulani, nanga akuba? Nanga agalu ndi likongwe? Kuno ambiri nkhuku timagoneka m'khitchini, chitseko chokhoma, zenera lotseka, pomwe taphikirapo madzulo.

Bambo Mhone, Luwinga: Amama, nkhawa yanu ndi yoona, akuba nkhuku nyengo yoyandikira Khirisimasi sagona. Koma chotchinga wakuba ndi waya wolimba ndi loko, pulasitiki satchinga munthu. Za m'khitchinizo, zimitsani moto ndi kutulutsa mbaula nthawi ikadalipo, ndipo pazenera ikani waya m'malo motseka. Nkhuku ikatenthedwa masana imadalira usiku kuti thupi litsike. Usiku ukakhalanso wotentha, mawa lake imayamba tsiku ili yotopa kale.

Lachitatu

Tiyamike, Mchengautuwa: Mwadzuka bwanji abale. Dzulo munthu wina wandiuza kuti masana ndizichotsa chakudya. Ine sindikumvetsa. Broila ndi chakudya, ndikachotsa ikula bwanji? Thumba lakwera mtengo chonchi, ndiye nkhuku ichedwenso kukula?

Bambo Mhone, Luwinga: Asisi, wakuuzaniyo sananame. Chakudya chikamagayika m'thupi chimatulutsa kutentha, ndipo kutenthako kumafika pachimake patapita maola angapo nkhuku itadya. Ikakhuta 10 koloko, moto wa m'mimba ukumana ndi moto wa dzuwa 1 koloko. Ine masiku otentha kwambiri ndimapereka m'bandakucha, cha m'ma 9 ndimakweza zodyera, ndimabwezera cha m'ma 4. Usiku ndimayatsa kanyali ka sola kuti zidye kukazizira. Zomwe zasiya masana zimabweza usiku.

Tiyamike, Mchengautuwa: Ine ndinayesapo, pobwezera zinapondana mpaka zina kukandana pamsana. Kwa ine zinaoneka ngati ndikuzizunza. Ndimasiya chakudya chili pomwepo, zikafuna zidya, zikapanda kufuna zisiya. Palibe yafa.

Bambo Mhone, Luwinga: Zanu ndi zingati, zili pa sabata iti?

Tiyamike, Mchengautuwa: 25, sabata yachitatu. Khola ndi la udzu.

Bambo Kaunda, Katoto: Nonse mukunena zoona pa khola lanu. Asisi Tiyamike, zanu zikadali zazing'ono, ndi zochepa, denga ndi la udzu, palibe chifukwa chochotsera. Njira ya bambo Mhone ndi ya nkhuku zolemera, kuyambira sabata yachinayi, pa masiku omwe mukuona kuti zikupuma wefuwefu. Kupondanako kumatha mukawonjezera zodyera kuti zonse zipeze malo nthawi imodzi. Koma madzi okha sachotsedwa ngakhale mphindi imodzi.

Amayi a Wongani, Chibavi: Madziwo ochuluka bwanji? Ine ndimadzaza zomwera ziwiri m'mawa ndikamapita kumsika, pobwera ndimapeza zauma.

Bambo Kaunda, Katoto: Apo pali vuto lina lalikulu. Masiku wamba nkhuku imamwa madzi olemera pafupifupi kawiri chakudya chomwe yadya. Thadzi loikira limadya magalamu 110 mpaka 120 patsiku, limamwa pafupifupi kota ya lita. Kukatentha zimatha kumwa kawiri kuposa apo. Mabroila anu pa msinkhu umenewu masiku otentha musadabwe akamaliza ndowa ya malita 20 n'kufunanso ena. Chitosi chamadzimadzi chija n'chifukwa cha kumwa kwambiriko, musachiope. Wonjezerani zomwera zikhale zinayi kapena zisanu, pakona iliyonse, kuti yofooka isayende mtunda. Ndipo madzi akafunda nkhuku imawakana ngakhale ili ndi ludzu. Chomwera chikakhala padzuwa kapena chigubu chosungiramo chikakhala pabwalo, mwazipatsa madzi oti sizimwa.

NyaGondwe, Chiputula: Mtsuko ana anga. Ine madzi a nkhuku ndimasunga mumtsuko wadothi pansi pa mtengo, ndavundikira ndi mbale, kunja ndakulunga chiguduli chonyowa. Masana mukaviikamo dzanja mumamva kuzizira mpaka m'chigongono. Ndimasintha katatu, m'mawa, masana ndi madzulo. Ndipo tungiranitu usiku. Miyezi ino mpopi umatha kuuma tsiku lonse, nkhuku siingadikire kuti madzi abwere.

Yamikani, Luwinga: Agogo njira yanu ndi yabwino. Amene muli ndi filiji, dzazani mabotolo apulasitiki muwaumitse usiku, masana muponye botolo lotseka m'chomwera. Magetsi akazima, mtsuko uja ulipo.

Amayi a Wongani, Chibavi: Filiji ndilibe koma mtsuko ndiupeza. Mwana wa mchemwali wanga ali pakhomo, ndamuuza kuti azisintha madzi 11 koloko ndi 2 koloko.

Gift, Zolozolo: Funso langa. Bwanji kungotenga payipi n'kuzithira madzi zonse? Kapena kuthira pansi m'khola?

Bambo Mhone, Luwinga: Pansi pa utuchi ayi achimwene. Utuchi ukanyowa umatulutsa fungo loyabwa m'maso lomwe amayi a Wongani ananena dzulo, limawononga njira ya mpweya ya nkhuku yomwe ikupuma movutika kale. Komanso utuchi wonyowa ndi kwawo kwa matenda a chitosi cha magazi. Thirani pamwamba pa denga, pa udzu uja, ndi pabwalo kuzungulira khola. Utuchi wa m'kati muuchepetse, ukhale wouma, chifukwa wochindikala wosakanikirana ndi chitosi umafunda wokha.

Amayi a Tumpale, Masasa: Ndilowepo apa. Ine ndinaweta nkhuku ku Nkhata Bay tisanasamukire kuno. Kunyanja vuto si dzuwa lokha, ndi chinyezi. Mpweya ukakhala wonyowa kale, nkhuku ingapume wefuwefu bwanji, pakhosi pake sipauma, ndiye siizizira. Kumeneko kupopera madzi m'khola lotseka kunkapha nkhuku m'malo mozipulumutsa. Kuno Okutobala mpweya ndi wouma, kupopera pang'ono kumathandiza ngati mphepo ikudutsa. Koma chenjerani Novembala ndi Disembala, masiku aja mitambo yaunjikana mvula ikukana kugwa, kapena yagwa m'mawa kenako dzuwa n'kuswa mtengo. Masiku amenewo chofunika ndi mphepo, osati madzi owaza.

Bambo Kaunda, Katoto: Amayi a Tumpale anena mfundo yomwe ambiri saidziwa. Tsono za nkhuku yomwe yagwa kale, yagona cham'mbali, maso otseka, lipombo lasintha mtundu. Inyamuleni modekha mupite nayo pamthunzi. Tengani beseni la madzi ozizira wamba, osati a ayisi, muviike miyendo ndi mimba, munyowetse m'khwapa ndi lipombo. Mutu usamire. Mukatero iikeni podutsa mphepo, muikupize ndi katoni. Musaitsanulire madzi kukamwa. Khomo la mpweya la nkhuku lili kuseri kwa lilime, ndipo ikamapuma wefuwefu limakhala lotsegula, madziwo amapita m'mapapo. Ingoviikani nsonga ya mlomo m'madzi, ikatsitsimuka imwa yokha. Usiku umenewo igone payokha.

Mayi Chirwa, Area 1B: Ine zanga ndi zoikira, 30. Sizinafe koma mazira atsika, ndi ang'onoang'ono, ndipo zigoba zake ndi zopyapyala, pogwira amangophwanyika. Ena akutuluka ofewa opanda chigoba. Chakudya ndi chomwe chija sindinasinthe. Zikugwirizana ndi zomwe mukukambazi?

Yamikani, Luwinga: Zikugwirizana mayi. Zifukwa ndi ziwiri. Choyamba, kukatentha nkhuku imadya pang'ono, ndiye kashiamu yemwe akulowa m'thupi ndi wochepa. Chachiwiri chili pa wefuwefu yemweyo. Ikamapuma mofulumira imataya mpweya wa carbon dioxide wambiri kuposa muyezo, magazi amasintha. Chigoba cha dzira chimapangidwa ndi kashiamu wophatikizana ndi carbonate, ndipo carbonate ameneyo thupi limamupanga kuchokera ku mpweya womwe ukutayikawo. Ndiye ngakhale m'chakudya muli laimu wokwanira, zomangira chigoba zimaperewera.

Bambo Kaunda, Katoto: Wafotokoza bwino Yamikani. Mayi Chirwa, chigoba chimapangidwa kwambiri usiku, ndiye chakudya chachikulu muzipereka madzulo kukazizira. Pambali ikani kambale ka laimu wa nkhuku wa timiyalamiyala, kapena zigoba za mazira zowamba pamoto n'kusinja, zizitola zokha. Mazira muzitolera kawiri kapena katatu patsiku, asakhalitse m'zisa zotentha. Koma mankhwala enieni ndi kuziziritsa khola. Wefuwefu akachepa zigoba zimabwerera.

Mayi Chirwa, Area 1B: Anzanga ena akuti ndithire soda m'madzi, ena akuti mchere ndi shuga.

Bambo Kaunda, Katoto: Soda wophikira therere uja amagwiritsidwadi ntchito pa nkhuku zoikira nyengo yotentha, koma pamuyezo wochepa kwambiri, ndipo asasokonezedwe ndi soda wopangira sopo, ameneyo amawotcha. Mchere ndiye ndikukanizani kuthira mwa diso, nkhuku siichedwa kufa ndi mchere wochuluka. Chosavuta, pitani kogulitsa mankhwala a ziweto mukagule paketi ya mavitamini ndi ma electrolyte, muyezo walembedwa pomwepo, mutsate umenewo. Vitamini C amathandiza pa kutentha. Muzisakaniza atsopano tsiku lililonse, ndipo pambali pakhale chomwera cha madzi opanda kanthu, chifukwa zina zimakana kukoma kwachilendo.

Gift, Zolozolo: Nanga za Mikolongwe, poti ndi zakuda bii, sizivutika kwambiri? Ndimafuna ndikafunse ku famu ya ziweto ya ku Choma.

Bambo Mhone, Luwinga: Nthenga zakuda padzuwa zimatenthadi msanga, ndipo Black Australorp, yomwe timati Mikolongweyo, ndi nkhuku yathupi, ya nthenga zambiri. Koma ikakhala ndi mthunzi imapirira kuposa broila kutalitali, chifukwa siikula mothamanga. Broila m'masabata 6 yafika pomwe yachikuda imafika patatha miyezi yambiri, mtima ndi mapapo zimatsalira m'mbuyo.

NyaGondwe, Chiputula: Pa kupirira dzuwa palibe yoposa kameta. Khosi lili pamtunda, mphepo imangomuwomba. Anthu amamunyoza maonekedwe pamsika, koma ine Okutobala akameta anga amaikira osalekeza pomwe zinazi zayasama pansi pa nthochi. Musamuthe m'khola.

Bambo Kaunda, Katoto: Amama akunena zoona, kameta ali ndi nthenga zochepa thupi lonse, osati pakhosi pokha.

Tiyamike, Mchengautuwa: Kwa amene mukulandira anapiye a Khirisimasi, mbaula muchite nayo bwino. Sabata yoyamba amafuna kufunda, madigiri 32 mpaka 35, koma masana a mwezi uno khola limafika pamenepo lokha. Mukaona athawira m'mbali kutali ndi moto, timilomo tili yasa, timapiko pansi, tulutsani mbaula. Akaunjikana pamodzi n'kumalira ndiye kuti azizidwa. Kuno usiku kumazizirabe, ndiye moto ndi wa usiku ndi m'bandakucha.

Lachisanu

Amayi a Wongani, Chibavi: Abale ndibweze mawu. Udzu tinayala Lachitatu madzulo, mphasa ili kumadzulo, zomwera zilipo zisanu, nkhuku 15 zikumaswera pansi pa mapeyala. Chifere imodzi ija palibe ina yafa. Masana zikumayasamabe pang'ono cha m'ma 1 koloko koma zikumadzuka kukamwa madzi, ndipo usiku zikudya kwambiri. Pali amayi ena ophika chipisi ndi nkhuku akufuna 20 mawa.

Bambo Mhone, Luwinga: Gulitsani mayi, muyambe ndi zonenepa kwambiri. Ndi zomwe zili pachiopsezo, ndipo zotsalazo zipeza malo. Broila ikakwana msinkhu mwezi uno, tsiku lililonse lomwe mukuisunga mukubetcha ndi dzuwa. Koma auzeni abwere m'mamawa kapena madzulo. Ndaonapo munthu atamanga nkhuku miyendo, kuziunjika m'dengu pa kabaza masana, pamwamba kuphimba ndi saka, pofika kumsika wa Zigwagwa zapansi zitatsamwa. Dengu likhale loonekera, zisasanjikizane, ndipo wakabaza asaime padzuwa.

Amayi a Tumpale, Masasa: Chimodzimodzi ogulitsa pamsika. Nkhuku zili m'chikwere padzuwa kuyambira m'mawa popanda ndi kachitini ka madzi komwe. Dulani botolo mumangirire ku waya, sizidula ndalama.

Bambo Kaunda, Katoto: Tisanabalalike, ndisasiye mawu a achimwene Gift aja pansi, chifukwa pa nyengo sananame. Chitopa chimavutadi miyezi yotentha ino, ndipo nkhuku yofooka ndi dzuwa siilimba ikakumana ndi matenda. Amene muli ndi zachikuda ndi za Mikolongwe, katemera wa I-2 alipo, amapangidwa konkuno ku Malawi, ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe. Ndi dontho limodzi m'diso, nkhuku ya msinkhu uliwonse ngakhale mwanapiye, miyezi inayi iliyonse. Amapirira kutentha kuposa akatemera ena, komabe botolo lisakhale padzuwa, poyenda nalo likulungeni m'kansalu konyowa. Temerani m'mawa kwambiri pamthunzi, nkhuku zisanatuluke, ndipo yodwala kale musaitemere. A mabroila amene mumapereka katemera wa Lasota m'madzi akumwa, nayenso ndi wa m'bandakucha, amwedwe asanathe maola awiri, ndipo madzi akhale opanda klorini chifukwa amapha katemerayo.

NyaGondwe, Chiputula: Botolo limodzi limatemera nkhuku zambiri, ine ndili nazo 18 zokha. Amene muli ku Chiputula ndi ku Chibavi tisonkherane, tigule limodzi, titemere tsiku limodzi makomo onse.

Gift, Zolozolo: Ndiwerengereni amama, zanga zachikuda zilipo 12. Njinga ndili nayo, ndikhoza kuzungulira nalo botololo.

Mayi Chirwa, Area 1B: Apongozi anga ku Chiputula ali nazo 9, ndiwauza madzulo ano.

NyaGondwe, Chiputula: Chabwino. Bambo Kaunda, mutifunsire kwa alangizi ngati katemerayo alipo sabata ino. Akapezeka tichite Loweruka la mawa lino, kuyamba 5 koloko. Aliyense asatsegulire nkhuku zake m'mawa umenewo mpaka Gift atafika.